Maso, utoto kapena maginito: njira zopezera ming'alu pa zitsulo

Ife amene timawotcherera zitsulo ndi kukonza zigayo kuno ku Zomba, kuyambira ku Chinamwali mpaka ku Thondwe, timafuna kudziwa ngati shafiti kapena bulaketi ili ndi mng'alu popanda kuidula. Njira zimene tingazikwanitse zilipo zitatu, koma sizilingana mphamvu.

Kuyang'ana ndi maso ambiri amakupeputsa chifukwa sikulira ndalama, komabe vuto lenileni ndi lakuti amakuchita mwachisawawa, mumdima wa shedi, chitsulo chikadali ndi girisi. Muyezo wa padziko lonse wa ISO 17637, wokhudza kuyang'ana ndi maso pamene pawotchereredwa, umanena kuti kuwala kusachepere malakisi 350 (lakisi ndi muyezo wa kuwala), ngakhale kuti 500 ndiye abwino, diso lisatalikire kupitirira mamilimita 600, ndiponso lisapendekeke kuchepera madigiri 30 kuchokera pachitsulocho. Munthu akatsuka bwino, n'kupala dzimbiri limene chinyezi cha kuno chimabweretsa msanga, kenako n'kuwalitsa tochi cham'mbali kuti mng'alu uchite mthunzi, amaona timabowo, malo amene moto unadya m'mphepete mwa chowotchereracho, ndiponso pamene zitsulo sizinalumikizane. Chimene diso limaphonya ndi mng'alu wopyapyala kwambiri umene milomo yake yatsekana.

Apa ndi pamene utoto wofiira umaposa maso. Umabwera m'zitini zitatu zopopera: chotsukira, utotowo, ndi ufa woyera. Mukapopera utoto mumadikira mphindi 10 kapena kuposerapo kuti ulowe, mumapukuta wapamwamba ndi nsanza, kenako mumapopera ufa umene umakoka utoto wotsala mumng'alu, ndipo mzere wofiira umaonekera poyera. Umagwira pa aluminiyamu ndi pa zitsulo zina zonse zosamwa madzi, ndiponso sufuna magetsi, zimene kwa ine ndi nkhani yaikulu. Koma penti iyenera kuchoka yonse, ndipo pamalo okhakhala utoto umakakamira n'kuonetsa mng'alu pamene palibe. Ndikuchenjezanso kuti kupala ndi girayinda kumatha kutseka kukamwa kwa mng'alu, utoto n'kulephera kulowa.

Maginito ndi achangu, ndipo amaonetsa ngakhale mng'alu umene uli pansi pang'ono pa khungu la chitsulo, chifukwa mukaika maginito pachitsulo n'kuwazapo ufa wachitsulo, ufawo umaunjikana pamenepo. Muyenera kupima kawiri, mopingasa ndi motsata utali, popeza mng'alu wolowera kumene mphamvu ya maginito ikulowera suoneka. Pa aluminiyamu ndi mkuwa njirayi siigwira n'komwe.

Pa mafelemu a zitseko ndi mageti, maso ndi tochi n'zokwanira. Pa shafiti ya chigayo, imene imazungulira mothamanga anthu ataima pafupi ndi matumba awo a chimanga, ine sindingakhutire ndi maso okha, ndipo ndingawonjezere utoto nthawi iliyonse imene taimasula. Zobisika mkatikati mwa chitsulo njira zitatuzi sizizifika; zimenezo zimafuna makina monga a ultrasound, opima mkati mwa chitsulo ndi mafunde a phokoso, ndi katswiri wophunzitsidwa motsatira muyezo wa ISO 9712.