Msampha wa amphaka wa Tru-Catch 30LTD: wabwino, koma uzimangidwa pachitseko

Magulu ongodzipereka osamalira amphaka opanda mwini ku America amagwira ntchito yomwe amaitcha TNR: kugwira mphaka, kupita naye kwa dokotala wa ziweto kuti akamufule kapena kumuchotsa chiberekero, kumubaya katemera wa chiwewe, kenako kumubwezera pomwe amakhala. Ndalama zawo ndi zongosonkherana, ndiye msampha akagula uyenera kukhala zaka. Umodzi mwa misampha imene amaidalira kwambiri ndi Tru-Catch 30LTD.

Ndi khola la waya lofiirira, lotalika masentimita 76, m'lifupi 23, msinkhu 28. Chitseko chake chakutsogolo chilibe sipuling'i. Mphaka akaponda kachitsulo kapansi, chitseko chimagwa chokha ndi kulemera kwake, ndipo mphete ziwiri zimatsetsereka m'mbali n'kuchitseka. Ubwino waukulu wagona pamenepa. Misampha ya sipuling'i imamenyetsa chitseko ndi phokoso, amphaka ena amene amaonerera amabalalika, ndipo mphaka amene wachenjera kamodzi amavuta kumukola kachiwiri. Uwu umatseka mwakachetechete, komanso kamwana kamene kakulondola mayi ake pakhomo sikavulala kwambiri ngati momwe kangavulalire ndi sipuling'i.

Mphete zomwezo ndiye vuto lake. Msampha ukagubuduzika, kaya galu waukankha kaya mphaka wamphamvu akudziponya m'katimo, mphete zimabwerera ndipo chitseko chimatseguka. Choncho mphaka akangokodwa, mangani chitseko ndi kachingwe ka pulasitiki kapena kaloko kokolekera musanaunyamule n'komwe. Tcherani pamalo osalala, osati pa miyala. M'lifupi mwakenso ndi mochepa kwa mphaka wamphongo wonenepa masaya. Ameneyo amakayika kulowa, ndipo kampani yomweyi ili ndi wina wotakasuka wotchedwa Fat Cat.

Musagule msampha wopanda chitseko chakumbuyo, ngakhale utatsika mtengo bwanji. Mphaka wopanda mwini sagwirika ndi manja, ndiye amakhala mumsampha momwemo usiku wa opaleshoni isanachitike komanso pochira: wamwamuna maola 24, wamkazi maola 24 mpaka 48. Masiku amenewa ayenera kudya ndi kugona pouma. Pa 30LTD chitseko chakumbuyo chimakwera mmwamba, kotero mumalowetsa chitsulo chooneka ngati foloko pakati pa mawaya, mphaka amatsekeredwa mbali imodzi, inu n'kusintha nyuzipepala ndi kuika mbale mbali inayo. Foloko imeneyi imagulidwa payokha, ndipo ziwiri zimathandiza kuposa imodzi, chifukwa mphaka wowonda amatha kupinda thupi n'kudutsa.

Msampha umakola bwino ngati amphaka ali ndi njala. Odyetsa onse agwirizane kusapereka chakudya maola 24, madzi okha. Munthu mmodzi wachifundo akangothira chakudya kuseri, usiku wonse wapita pachabe. Yalani nyuzipepala pansi kuti zikhadabo zisamve waya, koma musaunjike pa kachitsulo kopondapo, ndipo kukakhala mphepo imateni ndi tepi chifukwa ikamapepheluka imaopseza. Nyambo ikhale yonunkhira: nsomba zam'chitini za mafuta, supuni imodzi kumapeto kwenikweni, timadontho tochepa kuchokera pakhomo. Mukaika yambiri pakhomo mphaka amakhuta asanafike pa chitsulo. Chitinicho musachiike m'katimo, chimacheka lilime.

Akakodwa amalimbana ndi mawaya mpaka kunyuka mphuno. Mufunditseni thaulo lalikulu nthawi yomweyo, msampha wonse, ndipo amakhala bata. Musausiye wotchera popanda woyang'anira, makamaka padzuwa kapena pamene pali nyerere. Onaninso khutu lakumanzere: ngati nsonga yake inadulidwa pafupifupi sentimita imodzi, ameneyo anafulidwa kale, mutulutseni. Wamkazi amene akuyamwitsa adziwike kwa dokotala msanga kuti abwerere kwa ana ake pasanathe maola 24.

Pa nkhani ya ndalama, gulu lisagule msampha umodzi umodzi n'kumagwira mphaka mmodzi pamwezi. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4, bere limatenga masiku pafupifupi 63, ndiye otsalawo amadzaza malo mwachangu kuposa mmene mukufulira. Ndi bwino kusonkha zogulira misampha yoposa chiwerengero cha amphaka a pamalopo, kapena kubwereka kumagulu amene amabwereketsa polipira chikole, n'kugwira onse m'masiku awiri kapena atatu. Pomaliza chotsani zonyansa ndi sopo, nyowetsani ndi bulichi gawo limodzi m'magawo 32 a madzi kwa mphindi 10, tsukuluzani ndi kuumitsa, kuti chimfine cha amphaka chisafalikire gulu lina la amphaka ndiponso mphete zisachite dzimbiri n'kuyamba kukakamira.