procmail, maildrop kapena Dovecot: musanasinthe wopereka makalata pa seva ya anthu ambiri

Postfix, pulogalamu yolandira ndi kutumiza imelo pa seva, ikalandira imelo, imatha kuipereka kwa pulogalamu ina, monga procmail, maildrop kapena Dovecot, kuti ikaiike m'bokosi la mwini wake. Ambiri amafuna kuchotsa procmail chifukwa ndi yakale. Mtundu wa 3.22 unatuluka mu 2001 ndipo unakhala zaka zambiri osakonzedwanso. Koma pa seva ya anthu ambiri, kuichotsa sikophweka.

Malamulo osefera makalata sasamuka okha. procmail imawerenga .procmailrc, maildrop imawerenga .mailfilter, pomwe Dovecot imafuna malamulo olembedwa m'chilankhulo chosefera cha Sieve. Zonse muyenera kulembanso pamanja, ndipo Sieve siyendetsa mapulogalamu akunja popanda pulagini ya extprograms.

Pomwe makalata amawonongekera kwenikweni ndi pa maloko, njira zokhomera fayilo kuti mapulogalamu awiri asalembemo nthawi imodzi. Mu /var/mail munthu aliyense ali ndi fayilo imodzi ya mbox yosunga makalata ake onse, ndipo wolembamo aliyense ayenera kuikhoma kaye. Njira zake zikuluzikulu ndi zitatu: dotlock, fcntl ndi flock. Pa disiki ya Linux, fcntl ndi flock sizionana. Wopereka watsopano akakhoma ndi flock pomwe mutt, pulogalamu yowerengera makalata, ikudalira fcntl, onse awiri amalemba nthawi imodzi ndipo makalata amalowana pakati, osapereka chenjezo lililonse. Ndondomeko yokhomera nayonso ikhale imodzi, apo ayi wina amagwira dotlock kudikira fcntl, mnzake wagwira fcntl kudikira dotlock, mpaka nthawi itatha. Yerekezani zomwe zikuonetsa procmail -v, postconf mailbox_delivery_lock ndi doveconf mbox_write_locks musanakhudze kanthu. Dziwaninso kuti dotlock imafuna chilolezo chopanga fayilo mu /var/mail, ndiye pa Debian pulogalamuyo iyenera kukhala setgid ya gulu la mail, kutanthauza kuti iziyenda ndi zilolezo za gululo.

maildrop ndi yokhwimitsa zinthu mopitirira. Fayilo ya .mailfilter ikangokhala ndi chilolezo cha gulu kapena cha aliyense, imakana ndi nambala 75, yotanthauza vuto la kanthawi, kalata n'kubwerera pamzere. Postfix imayesabe masiku 5, kenako imaibwezera kwa wotumiza, mwini bokosi osadziwa kanthu. procmail ikakayikira .procmailrc imangoinyalanyaza n'kuponya kalata m'bokosi lalikulu, zomwe ndi zabwinoko.

Musaiwale .forward, fayilo yomwe munthu amalembamo komwe makalata ake apite. Postfix imaiwerenga isanafike pa mailbox_command, pomwe mumatchula wopereka makalata wa onse, ndiye amene analembamo /usr/bin/procmail adzaigwiritsabe ntchito, ndipo mukaichotsa makalata awo adzayamba kubwezedwa. Fufuzani mafayilo otere ndi grep mu /home musanachotse procmail.

Ngati onse amawerengera pa IMAP (njira yowerengera makalata ali pa seva kudzera pa netiweki), Dovecot kudzera pa LMTP (njira yomwe Postfix imaipatsira makalata) pamodzi ndi Maildir m'malo mwa mbox ndiye yopambana, chifukwa mu Maildir kalata iliyonse ili ndi fayilo yakeyake ndipo za maloko zimatha. Ngati alipo owerengera pa shell ndi alpine, yomwe siwerenga Maildir popanda patch, isiyeni procmail. maildrop sindingaiike pomwe anthu amadzikonzera okha mafayilo. Mukaganiza zosamuka, ikani soft_bounce = yes mu Postfix kuti makalata olephera azikhala pamzere m'malo mobwezedwa, ndipo samutsani anthu mmodzimmodzi ndi mailbox_transport_maps, yomwe imasankha wopereka makalata wa munthu aliyense, kuyambira pa akaunti yoyesera.