Stockfish, Leela kapena Dragon: ndani amawerenga bwino masewera akatsekeka?

Maponi akatsamirana pakati pa bolodi, mizere yonse n'kutsekeka, nambala imene injini ya chesi (pulogalamu ya kompyuta yosewera ndi kusanthula chesi, monga Stockfish, Leela ndi Dragon) imaonetsa imatha kusocheretsa. Mutha kuona +2.5, kutanthauza kuti mbali yoyera ili patsogolo kwambiri, chonsecho palibe njira yopambanira. Musanasankhe injini yofunsa, yambani mwadziwa kuti pisi yanu yatsekeredwa mwa mtundu wanji, chifukwa mitunduyi ilipo itatu ndipo injini iliyonse ili ndi pamene imalimba ndi pamene imafooka.

Mtundu woyamba ndi pisi yokodwa imene idyedwe posachedwa. Chitsanzo chodziwika ndi gemu yoyamba ya Spassky ndi Fischer ku Reykjavik mu 1972. Fischer anadya poni ndi 29...Bxh2, Spassky n'kutseka khomo ndi 30.g3. Mfumu yoyera inayenda e2, f3, g2, ndipo pa muvu ya 35 bishopu uja anali atapita, wasinthanitsidwa ndi maponi awiri okha. Apa Stockfish alibe mnzake. Amasanthula mapozishoni mamiliyoni pa sekondi ngakhale pa laputopu wamba, ndiye mamuvu sikisi oterewa amawaona nthawi yomweyo. Mainjini akale, monga Crafty ndi Fruit, ankachita kulemberedwa lamulo pamanja: bishopu akakhala pa a2, h2, a7 kapena h7 poni wa mdani atamutsekera, chotsani mapointi. Stockfish wakale naye anali ndi chilango cha ruku wopanikizidwa pakona ndi mfumu yake yomwe. Malamulo otere ankagwira misampha yokhayo imene wolemba pulogalamu anaiganizira, ina yonse inkadutsa.

Mtundu wachiwiri ndi wovutirapo: pisi imene palibe angaidye, koma sidzatulukanso. Ili pa bolodi, powerenga mapointi ikuwerengedwa, koma ntchito yake palibe, ngati khasu lotsekeredwa m'nyumba dzinja lonse. Kusanthula mozama sikuthandiza kwenikweni pano chifukwa palibe chodyedwa chimene injini ingachipeze kutsogolo. Zonse zimadalira mmene imayezera pozishoni ili chiimire. Mu 2017 AlphaZero, injini ya kampani ya DeepMind, anaonetsa zimenezi posewera ndi Stockfish 8: anapereka ruku kusinthana ndi pisi yaing'ono (hatchi), kwini wakuda wa Stockfish n'kutsala atapanikizika pa h8, mpaka mbali yakuda inasowa muvu yosadzipweteka nayo.

Leela Chess Zero, amene anayamba mu 2018 potsata njira ya AlphaZero, ndiye ndimamukhulupirira kwambiri pa mtundu uwu. Netiweki yake, ubongo wophunzitsidwa umene umayeza pozishoni, ndi yaikulu, imayang'ana bolodi yonse pamodzi, ndipo inaphunzira pa magemu mamiliyoni amene Leela anasewera yekhayekha, ndiye imazindikira kuti hatchi ya pa a5 yopanda kolowera kawirikawiri imathera m'kugonja. Chinanso chabwino n'chakuti imapereka mwayi wa kupambana, wa draw ndi wa kugonja padera. Pozishoni yotsekeka ikaonetsa draw yaikulu, mwadziwa kale zimene +1.2 yokha sikanakuuzani. Mtengo wake ndi wakuti Leela amafuna GPU (khadi la zithunzi la m'kompyuta) yamphamvu. Amasanthula mapozishoni masauzande pa sekondi, osati mamiliyoni, choncho popanda GPU amatha kuphonya kanjira kopapatiza kothawira pisiyo, monga kupereka poni kuti dayagonolo itseguke. Pa foni musadzivutitse naye.

Stockfish wa lero si uja wa 2017. Kuyambira Stockfish 12 mu September 2020 amagwiritsa ntchito NNUE, netiweki yaing'ono yothamanga pa CPU (purosesa wamba ya kompyuta), ndipo pofika 16.1 mu 2024 malamulo olemba pamanja aja anali atachotsedwamo onse. Netiweki zake zatsopano zimaphunzitsidwanso ndi data yochokera kwa Leela, ndiye kusiyana kwa awiriwa pa pisi yosatuluka kwachepa ndithu. Komabe pali kachilema kamodzi koyenera kukadziwa. Pofuna kufulumira, Stockfish amayesa kudumpha muvu yake, kulola mdani kusewera kawiri. Akaona kuti akadali bwino, amadula nthambiyo osaifufuzanso. Njirayi imalakwa pa zugzwang, pamene kukakamizidwa kusuntha ndiko kumakupha. N'chifukwa chake amaizimitsa mbali ikatsala ndi mfumu ndi maponi okha. Koma bishopu wotsekeredwa amawerengedwabe ngati pisi, ndiye njirayi imakhala ikugwirabe ntchito pamalo penipeni pamene zugzwang ili pafupi. Akafika mozama amatsimikizanso, inde, koma yankho loona limachedwa kutuluka.

Dragon, wochokera ku banja la mainjini a Komodo, anatuluka chakumapeto kwa 2020 ali ndi NNUE. Ali ndi MCTS mode, njira ina yosanthulira, imene imathandiza mukafuna kuona mamuvu angapo nthawi imodzi. Anatuluka ali wogula, ndipo pa nkhani ya pisi zotsekeredwa sindikuona chimene angakupatseni choposa awiri aulerewa.

Mtundu wachitatu, linga, umawagonjetsa onse. Mbali imodzi ili ndi zida zambiri koma polowera palibe. Mu 2008 pa ICC, tsamba losewererapo chesi pa intaneti, Hikaru Nakamura anatseka bolodi posewera blitz (gemu yachangu) ndi injini ya Rybka, n'kupereka maruku ake kusinthana ndi mapisi aang'ono. Rybka ankadziona kuti ali patsogolo, ndiye lamulo la mamuvu 50 (gemu imakhala draw mamuvu 50 akadutsa popanda kudya kapena kusuntha poni) litayandikira anakana draw, anapereka poni kuti gemu ipitirire, linga lake lomwe n'kugumuka. Rybka anagonja gemuyo itafika mamuvu 271. Pozishoni ya Roger Penrose, katswiri wa masamu, ya 2017, momwe mbali yakuda ili ndi mabishopu atatu oyenda m'mabokosi a mtundu umodzi, ikuonetsa vuto lomweli: munthu amaona msanga kuti ndi draw, mainjini ambiri n'kumati wakuda wapambana. Chifukwa chake ndi masamu chabe. Mamuvu 50 a mbali iliyonse ndi masitepe 100, pamene injini yafika depth (masitepe amene ikuona kutsogolo) 40 kapena 50, ndiye draw ili kutali kumene siikuona. Stockfish amachepetsa nambala yake pamene mamuvu opanda kudya kapena kusuntha poni akuchuluka, koma zimenezi zimaoneka bwino mamuvuwo akaseweredwadi. Ma tablebase a Syzygy, nkhokwe za mapozishoni owerengedwa kale mpaka kumapeto, amapereka yankho lenileni, koma amalekezera pa mapisi 7, pomwe bolodi yotsekeka kawirikawiri imakhala ndi maponi ambiri. Pali Crystal, mphukira ya Stockfish imene imadula nthambi zochepa kuti izindikire malinga. Pa ntchito iyi yokha ndi yoyenera kuiyesa, ngakhale posewera ndi yofookerapo.

Ndiye mukakhala ndi pozishoni yotere, yambani ndi Stockfish. Ikani MultiPV pa 4 kuti ionetse mamuvu anayi abwino, yatsani UCI_ShowWDL kuti muone mwayi wa kupambana, draw ndi kugonja, Hash (memori ya injini) muipatse 1 GB kapena kuposa ngati kompyuta ikulola. Mamuvu anayi onse akapatsidwa nambala yofanana ndendende, ndipo nambalayo osasuntha depth ikukwera kuchoka 30 kufika 45, kayikirani kuti ndi linga. Werengani mzere umene ikupereka: ngati mulibe poni wokankhidwa kapena chodyedwa, ruku akungopita a1, a2, a1, injiniyo ilibe pulani. Kenako isiyeni isewere yokha mamuvu 25 kapena 30. Mwayi weniweni umakula, wabodza umatsika pang'onopang'ono kulowera ku 0.00. Kuti mudziwe ngati injini ikuiona pisi yotsekeredwayo, ichotseni pa bolodi mu editor (pokonzera pozishoni) muone nambala. Ikasintha pang'ono chabe, ndiye kuti inali itaiwerenga kale ngati yakufa. Ikasintha kwambiri ngati mwachotsa pisi yogwira ntchito, pamenepo mpofunika kufunsa Leela, ndipo awiriwa akasiyana, seweretsani muvu ya Leela pa bolodi ya Stockfish mamuvu asanu kapena khumi muone ngati nambala yake iyamba kutsatira.