Draiva ndi batire la tochi yamphamvu: 7135, FET, buck kapena boost?

Batire la lithium la saizi ya 18650 likadzaza limawerenga 4.2V, ndipo likatsikira pa 3.0V ndiye kuti latsala pang'ono kutha. LED yoyera ngati Cree XM-L2 kapena Luminus SST-40 imafuna pakati pa 3V ndi 3.3V ikamawala kwambiri. Ntchito ya draiva, kabodi kozungulira kamene kamakhala kuseri kwa LED, ndi kugwirizanitsa manambala awiriwa. N'chifukwa chake draiva ndi batire zimasankhidwira limodzi. Ambiri omanga matochi muno mu Mzuzu amayamba ndi LED, zinazo n'kumangotola zimene zapezeka, kenako n'kumadabwa tochi ikuchita chizimezime pakangotha mphindi khumi.

Yodziwika kwambiri ndi draiva ya AMC7135. Tchipi chilichonse cha 7135 pa kabodiko chimatulutsa 350mA, ndiye kuwerengera kwake n'kosavuta: zinayi ndi 1.4A, zisanu ndi zitatu ndi 2.8A. Mphamvu yotsala imaiwotcha ngati kutentha. Batire lili pa 4.2V, LED pa 3.2V, pa 2.8A ndiye kuti pafupifupi 2.8W ikungotenthetsa mutu wa tochi osawala. Batire likamatsika kutayako kumachepa, koma likayandikira mlingo umene LED ikufuna, draiva imalephera kugwira ndipo kuwala kumayamba kufooka pang'onopang'ono. Ubwino wake ndi woti n'njotsika mtengo, siwonongeka wamba, ndipo mukhoza kuchotsa kapena kuwonjezera tchipi ndi kachitsulo kowotcherera. Imafuna batire limodzi lokha. Mukaipatsa awiri olumikizidwa motsatizana, 8.4V ija imaipsereza pomwepo.

Ya FET, yomwe ili ngati swichi yamagetsi, ndi nkhani ina. Pa mlingo wapamwamba imangotsegula chitseko, LED n'kumakoka mmene batire, mawaya ndi masipuling'i angalolere. SST-40 ili ndi malire ake olembedwa, koma pa FET ndi batire lamphamvu imadutsa pamenepo mosavuta. Masekondi oyamba kuwala kwake kumadabwitsa, mpaka oyandikana nawo amasuzumira pa windo. Kenako chitsulo chimatentha moti simungachigwire, batire limatsika, kuwala nako kumatsika nalo. Ngati mwasankha njira iyi, LED ikhale pa kabodi ka mkuwa osati ka aluminiyamu, pansi pake mupake thermal paste (phala lodutsitsa kutentha) pang'ono chabe, ndipo sipuling'i ya kumchira muilambalale ndi kawaya kowotcherera. Mukapanda kutero sipuling'iyo imatentha, imafewa n'kufupika, tochi n'kumathima mukaigwedeza. LED ikayamba kuoneka yabuluu pa mlingo wapamwamba, zimitsani msanga, ikupsa imeneyo.

Buck ndi boost zimagwiritsa ntchito koyilo posintha mphamvu m'malo moiwotcha, ndipo zabwino zake zimafikitsa pafupifupi 90 peresenti ya mphamvuyo ku LED. Buck imatsitsa: mwachitsanzo 8.4V ya mabatire awiri otsatizana kupita ku LED ya 3V, kuwala kukhala kofanana mpaka mabatire atatsala pang'ono kutha. Boost imakweza, ndipo ndi imene imayatsa LED ya XHP50.2 ya 6V ndi batire limodzi. Apa mpamene masamu amagwetsa anthu. LED ikamadya 3A pa 6V ndi 18W. Kuti 18W ituluke m'batire la 3.6V, draiva imakoka pafupifupi 5.5A, ndipo batire likatsikira pa 3.0V imakoka kuposa 6.5A. Batire likamatopa mpamene boost imalikama kwambiri. Lofooka silipirira, tochi imangodumphira pa mlingo wotsika. Musanaitanitse, yezani malo a draiva m'thupi la tochi: matochi a Convoy S2+ ndi C8 amatenga ya 17mm, ndipo onani bwino kuti XHP50.2 yanuyo ndi ya 3V, 6V kapena 12V, poti zonse zilipo.

Pa mabatire, nambala ya mAh, yosonyeza magetsi amene batire limasunga, ndi theka chabe la nkhani. Samsung 35E ili ndi 3500mAh koma limapereka 8A mosalekeza. Samsung 30Q ndi 3000mAh koma limafika 15A. Pa 7135 kapena buck ya 3A, tengani 35E, mupeza mphindi zowonjezera. Pa FET kapena boost, 30Q kapena Sony VTC6. Thupi likakhala lotenga batire lokulirapo la 21700, Molicel P42A ya 4200mAh imapirira katundu aliyense amene tochi ya LED imodzi ingapereke, pamene Samsung 50E ya 5000mAh imakhalitsa koma siyenera kudutsa 10A. Mabatire okhala ndi kabodi kotetezera ndi otalikirapo ndi mamilimita angapo, ena salowa m'thupi, ndipo pa FET kabodiko kamatha kudula magetsi mwadzidzidzi.

Aja olembedwa 9900mAh amene amabwera m'matochi otchipa asakupusitseni. Ma 18650 enieni ambiri amathera cha m'ma 3500mAh. Ikani pa kasikelo: lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45 mpaka 50, labodza limapepuka m'manja momwe.

Mabatire ochotsa m'malaputopu akufa, amene amapezeka kwa okonza makompyuta m'tauni, ali ndi malo ake. Ambiri anali a 2200mAh mpaka 2600mAh ali atsopano ndipo sanapangidwire katundu wolemera. Yezani lililonse ndi multimeter. Lowerenga pansi pa 2.5V lisiyeni. Otsalawo atchajeni ndi kabodi ka TP4056, muwasiye sabata imodzi, muyezenso; limene latsika kwambiri likudontha mkati. Lotentha potchaja, kapena long'ambika pulasitiki yakunja pafupi ndi mutu, n'loopsa m'thupi lachitsulo. Opambana mayesowa amayenda bwino ndi 7135 ya matchipi atatu kapena anayi, basi. Musawaike awiri motsatizana pa buck: lofooka limatha msanga, linzake n'kumalikankha mobwerera, ndipo moto wa lithium umayambira pamenepo.

Kwa mlonda wa ku Luwinga amene akufuna kuwala kofika m'bandakucha, FET ndi chidole. SST-40 pa 7135 ya matchipi anayi ndi 35E imayaka maola awiri ndi theka pa mlingo wapamwamba, ndipo pa mlingo wapakati imachezera usiku wonse. Yomweyo ndi yokwanira m'nyumba ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa magetsi akathima. Wofuna kuona patali m'munda kapena pa msewu wotsikira ku Nkhata Bay aganizire C8 yokhala ndi buck. Ndipo chifukwa cha nkhungu ya kuno m'miyezi ya Juni ndi Julaye, itanitsani LED ya 4000K kapena 5000K (nambala yotsika, kuwala kwachikasu pang'ono). Ya 6500K imaoneka yowala kwambiri pa khoma, koma m'nkhungu kuwala kwake kumakubwererani m'maso.