Famiclone, ka HDMI kapena Raspberry Pi: kosandutsa gemu ya m'manja ndi kati?

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, onani kaye kuseri kwa kamakinako kuti chithunzi chimatulukira pati. Kusiyana konse kwa njira zitatuzi kwagona pamenepo.

Famiclone, tija totengera Famicom ya Nintendo ya 1983, timatulutsa chithunzi pa waya wachikasu. Mukatsegula mupeza bolodi yaing'ono yokhala ndi kadontho kakuda ngati phula, ndipo makina onse ali pansi pa kadontho kameneko. Waya wachikasuwu umagwirizana ndi sikirini ya galimoto, ija yoonera kumbuyo pobwerera. Tengani ya mainchi 3.5 chifukwa maonekedwe ake ndi 4:3 ngati TV yakale. Ya 4.3 ndi yotambalala, Mario amaoneka ngati wamuponda. Sikiriniyi imalembedwa 12V, koma zambiri mkati mwake zimatsitsa magetsiwo kufika pa 5V kapena 3.3V. Pimani ndi mita yoyezera magetsi: mukapeza pamene pali 5V, wotchererani waya wanu pamenepo. Famiclone yambiri nayonso ili ndi chipu ya 7805 yotsitsa 9V ya adaputa. Ichotseni, mulowetse 5V pamwendo umene inkatulutsira.

Magetsi ake ndi awa: batire limodzi la 18650, TP4056 yotchajira (sankhani yokhala ndi chitetezo, ili ndi malo olembedwa OUT+ ndi OUT-), kenako MT3608 yokweza 3.7V kufika pa 5V. Apa ndi pamene ambiri amaotcha bolodi. MT3608 imatha kukwera mpaka 28V, choncho zungulizani kasikuluwu kake mukuyang'ana mita mpaka iwerenge 5V, musanalumikize chilichonse. Mizere ikamayenda pa sikirini, kapena sipika ikamalira ngati udzudzu, ndi phokoso la MT3608. Ikani kapasita ya 470µF potulukira pake, ndipo waya wa chithunzi ukhale waufupi, usadutse pafupi ndi koyilo ya MT3608. Mawu a Famiclone ndi ofooka, amafuna kabolodi kokweza mawu ka PAM8403 kuti amveke pa sipika. Batire labwino la 2500mAh lili ndi 9Wh ndi pang'ono. Zonse pamodzi zikamakoka 450mA pa 5V, muyembekezere maola atatu. Mabatire ochotsedwa m'malaputopu akale sangafike pamenepo. Mabatani musavutike kupanga, dulani bolodi ya padi (chogwirira posewera) ya Famiclone yomweyo. Mfuti yowombera abakha ija muiwale, imagwira pa TV yachubu yokha.

Ka HDMI, kaja kooneka ngati fulashi kobwera ndi mapadi awiri opanda waya, kamakopa chifukwa magemu ali mbwee ndipo n'kakang'ono kale. Koma kalibe waya wachikasu. Kamafuna sikirini yokhala ndi bolodi yake ya HDMI, yokwera mtengo, yokhuthala ndi yadyera pa batire. Mapadi akenso amafuna mabatire awoawo, ndiye m'bokosi limodzi mukhala zinthu zitatu zofuna magetsi. Ameneka kasiyeni pa TV.

Raspberry Pi Zero, kompyuta yaing'ono yomwe inatuluka mu 2015, ili pakatikati. Ili ndi malo olembedwa TV pamene mungawotcherere waya wachikasu, choncho sikirini ya galimoto ija ndi zamagetsi zonse zija zigwiranso ntchito. Ndi pulogalamu ya magemu akale ya RetroPie pa memori khadi mumasewera za NES, Mega Drive ndi Game Boy, komanso mumasunga pamene mwalekezera, zimene Famiclone ya katiriji wamba sichita. Vuto lake ndi kuzima mwadzidzidzi. Batire likatha gemu ili mkati, memori khadi ikhoza kuwonongeka mpaka kuyambiranso kuika zonse. Ilibenso potulukira mawu pa bolodi, mufunika kakhadi ka mawu ka USB. Ndipo pa Kamuzu Road ku Salima musayembekezere kuipeza. Ndi yoitanitsa, pamene 18650, sipika ndi siwichi mungazipeze kwa okonza mafoni ndi mawailesi.

Kutentha kwa Salima nako kumasankha. Mu Okutobala guluu wotentha uja akhoza kufewa, sikirini n'kuyamba kupendekeka. Mangani ndi tisikuluwu kapena epoxy. TP4056 imatentha yokha ikamatchaja pa 1A, ndiye isagundane ndi batire, ndipo boolani tizibowo pabokosi. Batire la lifiyamu lisatchajidwe likaposa madigiri 45, kotero pawindo kapena m'galimoto yoima padzuwa ku Senga Bay si malo ake. Musasewerenso likutchaja, TP4056 imasokonezeka n'kulephera kudziwa kuti ladzaza.

Kwa woyamba kugwira chowotcherera, Famiclone ndiye yoyenera: mawaya ochepa, palibe pulogalamu yoika, imayaka pompo mukatsegula siwichi, ndipo mukaiotcha simulira kwambiri. Pi ibwere ulendo wachiwiri, bokosi ndi zamagetsi zikakhala kuti zayenda bwino.