Truetone 1 Spot Pro CS7 patatha miyezi: phokoso lomwe latha ndi lomwe latsala

Bokosi ili, lopereka magetsi ku mapedulo a gitala, lili latsopano tinangonena mwachidule kuti lathetsa kaphokoso kamene kankamveka mapedulo onse ali pa daisy chain imodzi, waya mmodzi wogawira magetsi a adaputa imodzi ku mapedulo angapo. Pano lagwira ntchito miyezi ingapo, pophunzira nyimbo, m'tchalitchi ndi pa maukwati a magetsi a jenereta. Silinazimepo nyimbo ili mkati, limangofunda pang'ono, ndipo mita ikusonyezabe 9V pa mabowo a 9V. Koma si phokoso lonse limene latha nalo.

CS7 ili ndi mabowo 7 otulutsa magetsi, lililonse lili palokha, osagawana giraundi ndi linzake. Limodzi ndi la 18V 100mA, anayi ndi a 200mA amene mumasankha 9V kapena 12V ndi timaswichi tating'ono, awiri otsalawo ndi a 9V 500mA. Mapulagi ake ndi a 2.1mm, negetivi pakati, monga mapedulo a Boss amafunira. Choti mudziwiretu: ngati mulibe pedulo yolandira 18V, monga Fulltone OCD, mabowo anu enieni ndi 6.

Pabolodi lathu, thabwa lomangapo mapedulo, pali mapedulo 7. Strymon TimeLine imafuna 300mA, ndiye yatenga bowo la 500mA. Boss DD-8 ndi RV-6 zimakoka zosakwana 100mA iliyonse, ndipo iliyonse ili pa bowo lake la 200mA. Chochunira TU-3 chimakoka pafupifupi 30mA, kufika 85mA mukachiika pa kuwala kwambiri, nachonso chili pachokha. Cry Baby, Ibanez TS9 ndi Boss DS-1 tazimanga pa waya mmodzi wa daisy chain pa bowo lomaliza la 200mA, chifukwa zitatuzi pamodzi sizifika n'komwe 30mA. Bowo limodzi la 500mA latsala lopanda kanthu, kudikira looper, pedulo yojambula mawu n'kumawabwereza.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, amayesa vuto la daisy chain ndi kuchepa kwa mphamvu. Adaputa wamba ya 1 Spot imapereka 1700mA, ndipo mapedulo 7 amenewa safika ndi theka lomwe. Vuto ndi la waya wogawana. Pedulo ya digito simakoka magetsi mosalala, imakoka modukizadukiza mothamanga kwambiri, ndipo kugwedezeka kumeneko kumatsalira pa waya wa 9V ndi wa giraundi amene onse akumwerapo. DS-1 ntchito yake ndi kukuza chilichonse chimene chalowa, ndiye imakuzanso zinyalalazo. Chimene chimatuluka mu ampu ndi kaphokoso kosongoka ngati ka udzudzu, kamene kamasintha mukaponda tap tempo kapena kusintha preset. Chachiwiri, giraundi imakhala ndi njira ziwiri, ya waya wa magetsi ndi ya waya wa mawu, ndiye pamabadwa ground loop, kuzungulira kwa giraundi kumene kumatola phokoso. Izi zimanyanya delay ndi reverb (monga DD-8 ndi RV-6) zikakhala mu effects loop, mabowo apadera a pa ampu olumikizirapo mapedulo, pamene ma drive (monga TS9 ndi DS-1) ali kutsogolo, mapedulo onse akudyera adaputa imodzi. Mavuto awiriwa atheratu pa CS7, ndipo sanabwerenso ngakhale gain itakwezedwa mpaka kumapeto.

Mapedulo a analogi okhaokha nthawi zambiri sayambana pa waya mmodzi. Tinayesa kupatsa TS9 bowo lakelake, makutu sanamve kusiyana kulikonse.

Tsopano phokoso lotsala. Kung'ung'udza kwapansi kwa 50Hz pa gitala ya single coil, monga Stratocaster, kulipobe monga kale, chifukwa kumalowera pa mapikapu, timaginito totola mawu pagitala, osati pa magetsi a mapedulo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsitsani voliyumu ya pagitala mpaka 0. Phokoso likatha, ndi la mapikapu kapena magetsi owunikira a m'chipindamo. Likatsala, chotsani bolodi lonse, gitala ilowe mu ampu mwachindunji. Likamvekabe, yang'anani ampu ndi soketi ya pakhoma. Nyumba zambiri zimene magulu amaimbiramo zili ndi masoketi a mano atatu koma waya wa ethi sanalumikize, kapena ekisitenshoni yake ndi ya mawaya awiri okha. Pamenepo palibe bokosi limene lingakuthandizeni, ndipo zingwe za gitala zikayamba kukunyerenyetsani mukagunda maikolofoni, zimitsani zonse muitane wa zamagetsi. Phokoso likatha mutachotsa bolodi, bwezeretsani mapedulo imodzi imodzi mpaka wolakwa apezeke. Pedulo yokayikitsa iyeseni pa batire la 9V: ikakhala chete pa batire, vuto ndi magetsi, ikalirabe, ndi pedulo yomweyo kapena kawaya kake ka mawu. Bolodi ndi ampu zizidyera ekisitenshoni imodzi, chaja ya laputopu ikhale kwina.

Chimene chatha msanga pa miyezi imeneyi ndi mawaya a DC otsika mtengo amene tinagula padera kuti afike ku mzere wakumbuyo. Amaduka mkati, pakhosi pa pulagi pomwe amapindika, kunja akuoneka abwinobwino. Chizindikiro chake, pedulo ya digito imazima n'kuyambiranso yokha mukaponda ina yoyandikana nayo. Ikani mita pa pulagi, gwedezani waya pang'onopang'ono, muona manambala akudumpha. Mangani mawaya ndi tizingwe tapulasitiki pansi pa bolodi, koma musiye pafupifupi 3cm yolendewera pafupi ndi pulagi kuti isakokeke. Nthawi ya dzinja mapulagi amachita dzimbiri pang'ono, fumbi la m'chilimwe nalo limadzaza mabowo opanda ntchito. Kupopera contact cleaner pa pulagi n'kuilowetsa ndi kuitulutsa kangapo kumakwanira.

Bowo la 18V limatani ndi tepi ngati simuligwiritsa ntchito. Pulagi yake ndi yofanana ndi ya ena onse, ndipo mumdima wa pasiteji n'kosavuta kulowetsapo DD-8, imene singapirire 18V. Timaswichi ta 12V natonso, mukangosintha chilichonse pabolodi yezani ndi mita musanalumikize pedulo. Pa mA palibe choopsa bowo likakhala ndi zambiri, pedulo imangotenga zimene ikufuna. Chimene chimaotcha ndi V yopitirira, polarity yotembenuka (pozitivi ndi negetivi zitasinthana), kapena kupereka AC pofunika DC.

Pali mapedulo amene amafuna chisamaliro chapadera. Fuzz Face ya germanium ya PNP ili ndi giraundi ya pozitivi. Pa daisy chain ndi mapedulo ena imachititsa shoti, koma pa bowo lakelake ndi waya woyenera imayenda. ProCo RAT zakale zili ndi kabowo ka 3.5mm, pozitivi kunsonga, ndiye pamafunika waya wosinthira. DigiTech Whammy 4 imafuna 9V AC, imene CS7 ilibe. Line 6 HX Stomp imabwera ndi adaputa ya 3A ndipo pulagi yake ndi ya 2.5mm, bowo limodzi la 500mA silingaidzutse.

Mbali ya pakhoma ndi imene yatikondweretsa kwambiri. CS7 imalandira 100V mpaka 240V popanda kusintha kanthu, ndipo chingwe chake ndi cha IEC chonga cha kompyuta, chimene chimapezeka paliponse ndi pulagi ya mano atatu. Magetsi a jenereta akamatsika, mapedulo samva kanthu. Yerekezani ndi Voodoo Lab Pedal Power 2 Plus, bokosi labwino la thiransifoma, koma limapangidwa la voteji imodzi: la ku America ndi la 120V, ndipo kuno kwa 230V lipsa mukangolowetsa. Wotumitsa lakale kuchokera kunja ayambe waona cholembedwa pabokosi. Magetsi akathima timazulabe chingwe mpaka abwere n'kukhazikika, ndipo poyatsa timayamba bolodi, ampu pomaliza.

Ngati muli ndi chochunira, wah ndi ma drive awiri kapena atatu, musataye ndalama, adaputa imodzi yabwino ya 9V ndi daisy chain zikukwanirani. Muli ndi pedulo ya digito imodzi yokha, ipatseni adaputa yakeyake, n'zotsika mtengo kuposa bokosi. CS7 imayamba kubweza ndalama zake pamene za digito zafika ziwiri kapena zitatu, makamaka ngati zina zili mu effects loop. Musanagule, lembani V, mA ndi polarity za pedulo iliyonse, muwerenge zingati zimafuna zoposa 200mA. Zikapitirira ziwiri, CS7 yakucheperani, yang'anani CS12, mkulu wake wa mabowo 12.