Zida zofupikitsa mavidiyo: malangizo ake akuoneka bwanji patapita miyezi

Kwa miyezi ingapo tsopano, agent ya AI (pulogalamu ya nzeru za makompyuta imene imagwira ntchito yokha ukaituma) imene ndinakonza yakhala ikundionerera mavidiyo aatali a maphunziro ndi misonkhano, n'kumandipatsa chidule cha zimene zakambidwa. Imachita izi pogwiritsa ntchito zida zofupikitsa mavidiyo zimene ena anapanga, chilichonse ndi malangizo ake olembedwa. Chida chikakhala chatsopano, aliyense amathamangira tsamba loyamba la malangizo, lija lakuti lembani mizere ingapo chidule chituluke. Tsamba limenelo umalifuna tsiku loyamba lokha. Kumene umabwererako mwezi ndi mwezi ndi kumene analemba malire a chidacho ndi zimene chimachita zinthu zikasokonekera.

Kwa agent nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa munthu. Munthu akaona chidule chokayikitsa amatsegula vidiyo n'kudzionera yekha. Agent ili ngati mwana womvera amene mwamutuma kumsika: chimene wapatsidwa abwera nacho, safunsa. Ngati chidacho chalumikizidwa kudzera mu MCP, njira yolumikizira agent ndi zida imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024, agent imaona dzina la chida, mawu ochepa ochifotokoza ndi mndandanda wa zimene chimalandira. Malangizo ake onse ndi amenewo. Zimene sizinalembedwe pamenepo, kwa iyo kulibe.

Malangizo amene andithandiza kwambiri ndi a Gemini API (API ndi khomo limene mapulogalamu amalankhulira ndi chida, apa Gemini, AI ya Google), gawo la mavidiyo. Amanena poyera kuti, ukapanda kusintha kalikonse, chidacho chimatenga chithunzi chimodzi pa sekondi iliyonse, ndipo amachenjeza kuti zinthu zoyenda mwachangu zikhoza kuphonyedwa. Amawerengeranso mtengo m'ma token, timagawo timene AI imayezera zimene yalandira: pamene ndinkawawerenga anali pafupifupi ma token 300 pa sekondi imodzi ya vidiyo, mwa amenewa 258 a chithunzi ndi 32 a mawu. Ukachulukitsa, vidiyo ya ola limodzi imadya ma token opitirira 1 miliyoni. Nambala imeneyi yokha inandiuza kuti vidiyo ya munthu wongolankhula kutsogolo kwa bolodi ndi bwino kuichotsa mawu ndi FFmpeg, pulogalamu yokonzera mavidiyo, n'kutumiza mawuwo, zithunzi n'kuzisiya. Analembanso kuti fayilo imene wakweza imafufutidwa pakatha maola 48, choncho agent yanga imadziwa kuti isamadalire fayilo ya sabata yatha.

Whisper ya kampani ya OpenAI, AI yosandutsa zolankhula kukhala zolemba, imene inatuluka mu Seputembala 2022, nayo sibisa zofooka zake. Olemba ake anavomereza kuti nthawi zina imalemba mawu amene sanalankhulidwe n'komwe, komanso kuti sigwira ntchito mofanana pa zilankhulo zonse. Mndandanda wa zilankhulo ulipo poyera: Chiswahili chilipo, Chishona chilipo, Chichewa mulibe. N'zowawa ndithu, koma bola kudziwiratu. Ndinaika lamulo lakuti vidiyo ya Chichewa isapite kumeneko, agent izindiuza kuti siingathe. API ya OpenAI ya mawu imalandira fayilo yosapitirira 25 MB, ndipo izinso zinalembedwa pamalo oonekera.

Ndiyamikirenso youtube-transcript-api, kachida kaulere ka Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu) kotengera mawu olembedwa a mavidiyo a pa YouTube. Tsamba lake limachenjeza kuti YouTube imatseka ma IP (maadiresi a pa intaneti) ambiri a makampani a cloud, obwereketsa makompyuta pa intaneti, ndipo vuto lililonse lili ndi dzina lakelake, monga TranscriptsDisabled pamene mwini vidiyo anazimitsa mawu olembedwa. Dzina lotere agent imatha kuchitapo kanthu: kudumpha vidiyoyo, kapena kuyesa njira ina.

Tsopano kampani ina yolipiritsa, imene sinditchula dzina. Malangizo ake ndi okongola kuposa onsewa, zitsanzo zili mbwee, mpaka batani loyesera pompo. Koma palibe pamene analemba chimene chimachitika vidiyo ikakhala yopanda mawu olembedwa. Chimene chinkachitika n'chakuti seva inkayankha 200, kusonyeza kuti zonse zili bwino, n'kupereka chidule chosalala chopekedwa kuchokera pa mutu wa vidiyo ndi mawu ofotokozera apansi pake. Agent inkachilandira ngati choona. Ndinazitulukira pamene chidule cha msonkhano wina wautali chinafanana ndendende ndi chilengezo cha msonkhanowo, chopanda funso ngakhale limodzi la anthu amene analipo. Patapita nthawi anasinthanso dzina la gawo limene mumabwera chidulecho, osalemba paliponse, ndipo zitsanzo za pa tsamba lawo zinali zikadali zakale. Kumeneko ndinaleka kulipira.

Zitatu zinazo ndikugwiritsabe ntchito. Mu mawu ofotokozera chida chilichonse pa MCP ndinakoperamo malire ake onse, kukula kwa fayilo, zilankhulo ndi mayina a mavuto, ndipo ndinalamula kuti mfundo iliyonse ya m'chidule izibwera ndi mphindi ndi sekondi imene inalankhulidwa. Chidule chikabwera chopanda nthawi zimenezo, agent imachikana.